Damu ndi lanu bwana, koma kunsi kwake kukugona anthu

Chaka cha 2024 nyanja ya Malawi idatikumbutsa kuti mchenga wa m'mphepete mwake tidangobwereka. Madzi adakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo ku Mangochi malo ambiri ogona alendo adalowa madzi mpaka m'zipinda. Pomwe alendo ankaothera dzuwa padayamba kudutsa mabwato. Eni malowo adaloza chala ku Liwonde, kuti a boma akutsekereza madzi pa Kamuzu Barrage pofuna kuteteza magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority (NWRA) nalo lidawakumbutsa kuti pali mzere wa mamita 477, ndipo womanga kunsi kwa mzerewo amamanga m'bwalo la nyanja.

Mkangano umenewo tidaumva mokwanira. Ine lero ndikufuna titembenuke, nyanja tiyipatse mbuyo, tiyang'ane kumtunda. Munthu wandalama yemwe waona anzake akulira m'mphepete mwa nyanja safunika kuuzidwa kawiri kuti pali njira ina: kugula malo kumapiri, kupeza khwawa labwino, kubwereka chigalimoto chokumba kwa sabata ziwiri, kuunjika dothi mopingasa khwawalo, kenako kudikira mvula ya Januwale. Pofika Malichi ali ndi nyanja yakeyake. Aikepo tibwato tiwiri, athiremo nsomba, amange tizisakasa taudzu ndi poocha kanyenya, basi malo osangalalirako atheka. Akwati azibwera kudzajambulitsa, ana asukulu azibwera kudzaona, zithunzi zizizungulira pa Facebook ndi TikTok.

Ndinene poyera kuti ganizo limeneli sindidana nalo. Boma la Mangochi lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo si onse amene angadye za m'nyanja. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chidatha kalekale, m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero banja wamba la kwa Chimwala likagula chambo ndiye kuti kwabwera mlendo wolemekezeka. Dziko lomwe mvula yake imagwa miyezi inayi kapena isanu n'kusowa chaka chonse likufunika madamu ambiri kuposa amene lili nawo. Damu limodzi labwino likhoza kulemba ntchito achinyamata, kuthirira madimba, kumwetsa ng'ombe, komanso kubweretsa alendo kudera lomwe galimoto ya alendo sidafikeko. Za ntchito zokopa alendo timaziyankhula pamsonkhano uliwonse, ndiye wina akachita zooneka ndi maso tisamugwetse mphwayi.

Vuto langa ndi limodzi. Malo ndi ake, ndalama ndi zake, phindu ndi lake, koma khoma likagumuka madziwo salowera kunyumba kwake. Mwini damu amamanga nyumba pamtunda, pomwe akuona nyanja yake bwinobwino. Kunsi kwa khwawa ndi kumene kuli midzi, madimba, zitsime, mlatho wa mitengo womwe ana amawolokera popita kusukulu. Anthu amenewo sadasainire pepala lililonse, sagawana naye phindu, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti pamwamba pa mitu yawo pali madzi ochuluka bwanji.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Damu la mahekitala awiri, lakuya mamita atatu tikatengera pakatikati, limasunga malita 60 miliyoni. Ndiye kuti ndowa za malita 20 zokwana 3 miliyoni, kapena kulemera kwa matani 60,000. Limenelotu ndi damu laling'ono, lomwe munthu ukhoza kulizungulira wapansi usadamalize kudya chimanga chootcha. Madzi amenewo akatuluka pang'onopang'ono miyezi isanu ndi umodzi ndi dalitso. Akatuluka onse m'theka la ola, usiku, m'khwawa lopapatiza, nyumba ya zidina siima.

Anthu ambiri amaganiza kuti damu la dothi ndi mulu wa dothi basi. Ayi ndithu. Damu lomangidwa mwaukadaulo limayamba ndi ngalande yokumbidwa pansi pa khoma mpaka kufika pa nthaka yolimba, n'kudzazidwa ndi dongo kuti madzi asadutse kunsi. Pakati pa khoma pamakhalanso dongo. Dothi limathiridwa pang'onopang'ono, lonyowa bwino, n'kulitsendera ndi makina asadathire lina pamwamba. Pambali pamasiyidwa njira yotakata yotayira madzi damu likadzadza, ndipo msinkhu wa khoma umapitirira bwino ndithu pomwe madzi angafike pa mvula yoopsa. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo zonsezi sizioneka pa chithunzi. N'chifukwa chake ndi zimene zimayamba kudumphidwa ndalama zikachepa.

Damu lotere limafa m'njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi madzi kusefukira pamwamba pa khoma. Simenti ikhoza kupirira zimenezo kwa kanthawi, koma dothi ayi. Madzi akangoyamba kutsetsereka kuseri kwa khoma amakumba kangalande, kangalandeko kamakula, ndipo khoma limang'ambika ngati nsalu yakutha. Yachiwiri ndi yachinsinsi, ndipo ndi imene imandiopsa kwambiri. Madzi amapeza kanjira mkati mwa khoma, mwina potsata muzu wa mtengo womwe udawola, mwina mphanga za chiswe, mwina m'mbali mwa paipi yomwe sidakwiriridwe bwino. Amayamba kunyamula tinthu ta dothi pang'onopang'ono mpaka kanjirako kasanduka mphanga. Kunja khoma limaoneka labwinobwino, udzu uli biriwiri. Damu lotere likhoza kuphulika ngakhale tsiku lomwe kumwamba kulibe mtambo.

Zizindikiro zimakhalapo, ndipo siufunika digiri kuti uzione. Ming'alu pamwamba pa khoma. Malo otitimira. Chulu chomera pakhoma. Kasupe wotuluka kunsi kwa khoma, makamaka madzi ake akayamba kutuluka amatope, chifukwa matopewo ndi khoma lenilenilo likusamuka.

Chilimwe chathachi ndidayenda pakhoma la damu lina laling'ono kumtunda kwa boma lino. Dzina lake ndilisunga, chifukwa nkhani yanga si yofuna kuchititsa manyazi munthu mmodzi. Malo okongola zedi, moti ukakhala pamenepo umayiwala kuti kunyanja kukutentha. Koma pakhoma padali mitengo ikuluikulu ya bulugamu ndi mango, yobzalidwa dala kuti alendo azipeza mthunzi. Panjira yotayira madzi padali matumba amchenga osanjikizana bwino, ndipo pamwamba pake adamangapo waya wa sefa. Nditafunsa bambo wina wogwira ntchito pamalopo, adandiyankha mosabisa kuti matumbawo ndi oti madzi akwere pang'ono bwato lizifika pa kamlatho kokwerera, ndipo wayayo ndi woti nsomba za abwana zisathawe. Ndidafunsanso ngati kumudzi wa kunsi akudziwa chochita khoma litayamba kuvuta. Adaseka. "Achimwene, damu ili lakhala zaka, silidachitepo kanthu."

Mawu amenewo, akuti silidachitepo kanthu, ndi oona pa damu lililonse mpaka tsiku lomwe lachita kanthu. Ndipo zimene ndidaona pamalopo, matumba ndi waya, zidandikumbutsa nkhani ina yakale ya ku America yomwe aliyense wofuna kukhala ndi nyanja yakeyake amayenera kuidziwa.

M'chigawo cha Pennsylvania mudali damu la dothi lotchedwa South Fork. Lidagulidwa ndi kalabu ya anthu olemera, South Fork Fishing and Hunting Club, yomwe mwa mamembala ake mudali zikhwaya monga Andrew Carnegie, Henry Clay Frick ndi Andrew Mellon. Ankafuna malo opumulirako, owedza nsomba ndi kupalasa mabwato kutali ndi utsi wa mafakitale awo a ku Pittsburgh. Khoma adalidula msinkhu kuti pamwamba pake pakhale msewu wotakata wodutsa ngolo zawo. Panjira yotayira madzi adatchingapo zitsulo kuti nsomba zawo zisathawe. Mapaipi otulutsira madzi pansi pa damu adali atachotsedwa kale, ndipo iwo sadabwezeretse. Pa 31 Meyi 1889 kudagwa chimvula, zinyalala zidatseka zitsulo zija, madzi adasefukira pakhoma, ndipo nyanja yonse idatsikira m'tauni ya Johnstown, mtunda wa makilomita opitirira 20 kunsi kwake. Anthu 2,209 adafa. Opulumuka adakasuma, koma makhothi sadapeze kalabuyo yolakwa. Zidatengedwa ngati ngozi yochokera kwa Mulungu.

Wina anena kuti zimenezo ndi zakale komanso zakutali. Chabwino, tibwere pafupi. Usiku wa pa 9 Meyi 2018 ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, damu la dothi la pa famu ya munthu lidaphulika mvula itagwa kwa masabata angapo. Anthu 48 adafa, pakati pawo ana ambiri, ena ali pa chakudya chamadzulo. Pambuyo pake ndi pomwe akuluakulu oyang'anira madzi m'dzikolo adayamba kunena kuti damulo lidalibe chilolezo choyenera. Funso lomwe Akenya adafunsa ndi lomwe ifenso tingadzafunse: nanga zaka zonsezo mudali kuti?

Kwathu konkuno tidachenjezedwapo. M'mwezi wa Malichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai, boma lidauza anthu a ku Zomba kuti akhale tcheru chifukwa khoma la damu la Chagwa, pamwamba pa phiri, lidali litakokoloka ndipo likadatha kugumuka mvula ikadapitirira. Chagwa ndi kadamu kakang'ono, komwe anthu amapitako kukapuma ndi kujambulitsa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima womwe tidakhalamo kupitirira chaka. Kapichira adamanga ndi mainjiniya, ali ndi anthu omuyang'anira usana ndi usiku. Ngati madzi adamugonjetsa, kuli bwanji khoma lomwe adaunjika woyendetsa chigalimoto chokumba poyeza ndi maso? Kenako mu Malichi 2023 kudabwera Freddy, yemwe adatenga miyoyo ya anthu opitirira 1,000 tikaphatikiza omwe sadapezeke. Mvula ya masiku ano si ija ankaidziwa agogo athu, ndipo mapiri omwe kale ankamwa madzi tidawameta ndi makala ndi nkhuni zootchera njerwa. Madzi amatsika msanga, atanyamula mchenga womwe umakwirira damu chaka ndi chaka, kotero kuti malo osungira madzi a mvula yadzidzidzi amankira nachepa.

Malamulo tili nawo, ndipo pa pepala ndi abwino. Lamulo la madzi la 2013 limati madzi a m'dziko muno ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Kugula malo si kugula mtsinje wodutsa pamalopo. Kutunga madzi akumwa ndi ochapira sikufuna chilolezo, koma kutseka mtsinje ndi kusunga madzi kumafuna chilolezo cha NWRA, ndipo lamulo lomwelo lidapatsa bungweli udindo woona za chitetezo cha madamu. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limayenera kuunika ntchito zomwe zingakhudze chilengedwe ndi anthu zisadayambe. Chaka cha 2023, Freddy atangodutsa, aphungu adavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Zida zilipo.

Koma nkhani ya mzere wa mamita 477 yatiphunzitsa momwe timagwiritsira ntchito malamulo m'dziko muno. Nyumba zomwe zidamira mu 2024 sizidamere usiku umodzi ngati bowa. Zidamangidwa masana, njerwa zikudutsa pamsewu waukulu wa ku Monkey Bay, aliyense akuona. Lamulo lidakumbukiridwa madzi atafika kale pakhonde. Tsono ngati tidalephera kuona nyumba zomangidwa poyera m'mphepete mwa nyanja, tidzaona bwanji khoma la dothi lobisika m'khwawa, kuseri kwa mpanda ndi chikwangwani choti malo ano ndi a mwini, kumapiri a ku Namwera kapena kwa Nankumba? Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja imakwera pang'onopang'ono, munthu amapeza mpata wotulutsa matiresi. Damu silipereka mpata wotero.

Ndiye pali nkhani ya nsomba, yomwe kwa ife a kunyanja ndi yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Khwawa lililonse la kuno limathera m'nyanja ya Malawi, mu Shire kapena m'Malombe, kupatula a kum'mawa omwe amalowera ku Mozambique. Chomwe wathira m'damu lako, tsiku lina chidzafika kumeneko. Mwini damu amafuna nsomba yokula msanga, yoti mlendo akaikoka ndi mbedza ajambulitse nayo. Makumba ndi chilunguni zathu zimakula mwaulemu, ndiye chiyeso chokatenga mbewu ya kunja, monga Nile tilapia yomwe ikuwetedwa m'maiko oyandikana nafe, chimakhala chachikulu. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo n'chifukwa chake UNESCO idaika Lake Malawi National Park, ya ku Cape Maclear kuja, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anzathu a ku nyanja ya Victoria adathiramo Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba zawo idazimirira. Nsomba ikalowa m'nyanja palibe khoka lomwe lingaitulutse yonse. Waya wa sefa uja, kuwonjezera pa kuika khoma pachiswe, sangaletse tiana ta nsomba kudutsa.

Za likodzo ndingodutsapo, poti aliyense wokulira ku Mangochi akulidziwa. Madzi odekha okhala ndi udzu m'mbali ndi mudzi wa nkhono zofalitsa matendawa, komanso wa udzudzu. Ana a m'midzi yozungulira adzasambamo ndithu, kaya pali mpanda kaya palibe, ndipo damu limazama mwadzidzidzi kusiyana ndi gombe lomwe adazolowera.

Chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi mwezi wa Okutobala. Nthawi ya mvula anthu a kunsi amaopa madzi ochuluka, koma m'chilimwe amalira madzi osowa. Mwini damu amafuna nyanja yake ikhale yodzadza nthawi yomwe alendo achuluka, ndipo nthawi yake ndi yomweyo yomwe mayi wa kunsi akufuna madzi othirira tomato ndi mpiru. Damu lopanda paipi yotulutsira madzi pansi silingagawe madzi ngakhale mwini wake atafuna. Mtsinje womwe unkayenda mpaka Novembala umauma mu Ogasiti, ndipo amayi amayamba kufukula mchenga. Akapita kwa a mfumu, a mfumu amapezeka kuti ndi omwe adasainira malowo, ndipo mwina adalandirapo kangachepe. Apa ndi pomwe ndimaona kuti mafumu athu, kuyambira nyakwawa mpaka a T/A, akufunika kufunsa mafunso ambiri asadadinde chidindo. Wogula akati ndikufuna malo a m'khwawa, funso loyamba likhale lakuti mukufuna kuchita nawo chiyani madziwo.

Ndikudziwa zomwe eni madamu anganene, ndipo zina n'zoona. Injiniya ndi wodula. Chilolezo chimatenga nthawi, maofesi ake ali kutali, ndipo m'dziko muno ukaitana woyendera umaopa kuti abwera ndi dzanja lotambasula osati tepi yoyezera. Ena madamuwo adangowapeza pogula esiteti yakale ya fodya, mapepala ake palibe, yemwe adamanga adamwalira kapena adabwerera kwawo. Munthu wotere ukamuopseza ndi chindapusa amangotseka geti, ndipo damu limapitiriza kuwola mwakachetechete. N'chifukwa chake sindikupempha kuti boma liyambe ndi chikwanje. Liyambe ndi kuwerenga. Masiku ano damu silibisika: aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo akhoza kutsegula Google Earth n'kuwerenga madamu a m'boma lonse tsiku limodzi. Ophunzira zauinjiniya ku MUBAS kapena za ulimi wothirira ku LUANAR akhoza kuyenda pamakoma amenewa nthawi ya tchuthi, motsogozedwa ndi akatswiri a NWRA ndi a nthambi ya ulimi wothirira, n'kulemba kuti ili lili bwino, ili likufunika kudula mitengo, ili kunsi kwake kuli nyumba makumi atatu. Mwini damu yemwe wabwera yekha kudzalembetsa apatsidwe nthawi yokonza popanda chilango. Wokana ndiye lamulo ligwire ntchito, ndipo ngati khoma lili loopsa madzi aphungulidwe, afune asafune.

Koma pa damu lomwe likulandira alendo olipira pageti, ine sindiona chifukwa chonyengererana. Ngati khonsolo ya Mangochi imatha kufika pamalo kudzatolera ndalama ya laisensi ya bizinesi ndi ya mowa, ikhozanso kufunsa pepala la NWRA ndi lipoti la injiniya isadapereke laisensiyo. Wopeza phindu pa madzi osungidwa pamwamba pa anzake alipire woyeza khoma kamodzi pachaka, monga momwe mwini minibasi amalipirira COF. Ndipo mndandanda wa madamuwo usakhale m'kabati ya ku likulu. Upachikidwe pa ofesi ya DC ndi kwa T/A aliyense, uwerengedwe pa wailesi za m'dera m'Chiyao ndi m'Chichewa, kuti munthu wa kunsi kwa khwawa adziwe chomwe chili kumtunda kwake.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi kukambirana. Mwini damu aitane a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ayende nawo pakhoma, awaonetse potayira madzi, agwirizane kuti mlonda akaona madzi amatope kunsi kwa khoma kapena madzi akuyandikira pamwamba aimbira foni ndani, ndipo uthengawo ufalikira bwanji usiku, kaya ndi wenzulo, kaya ndi belu la tchalitchi, kaya ndi chimkuzamawu cha pamzikiti. Anthu adziwiretu chitunda chothawirako ndi njira yake, ndi yemwe adzanyamule agogo osatha kuthamanga. Zimenezi zimafuna tsiku limodzi ndi mayunitsi a foni.

Kwa inu a NWRA ndi a khonsolo, mvula yoyamba kuno imafika chakumapeto kwa Novembala, ndipo madamu amadzadza pakati pa Januwale ndi Malichi. Mitengo ya pakhoma, matumba amchenga ndi mawaya a panjira yotayira madzi ziyenera kuchoka madamu akadali otsika, chifukwa khoma lodzadza madzi silikonzeka. Ntchito yoyendera makomawa iyambe mwezi uno, ndipo tikufuna kuona mndandandawo Disembala asadafike.